Magetsi a Alamu Anga

Alamu anga, akulu awo a amuna anga, anabwera kwathu akuti adzangokhala masiku ochepa uku akufunafuna ntchito. Mvula inagwa mpaka kukata, iwo ali pompo, pampando wabwino wa pabalaza, miyendo ili patebulo. Ntchito sinawapeze, poti nawonso sankaifuna. Chimene ankatha ndi pakamwa. Akayamba kufotokoza mmene dziko lingayendere bwino, tiyi ankachita kuzizira m'makapu.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli kadimba, ndipo kumapeto kwake kuli kanyumba ka malata kopanda windo, momwe ndimasungamo makasu, kheni yothirira ndi matumba a manyowa. Tsiku lina magetsi atazima, alamu anaimirira n'kulengeza kuti tonsefe ndife akapolo a kampani ya magetsi, ndipo iwo atimasula. Ufuluwo uyambira m'kanyumbamo.

"Mlamu, tulutsani zinyalala zanuzi," anatero. "Muno mukhala ofesi."

Zinyalalazo anali makasu amene amatilimira masamba, omwe iwo ankadya mpaka kupempha ena. Ndinayang'ana amuna anga. Iwo anayang'ana pansi.

"Achimwene ali ndi mutu," anatero chapansipansi. "Asiyeni ayese."

Anayesadi. Anadula paipi yotsitsa madzi a padenga n'kupanga mapiko atatu, oti mphepo iziwapukusa n'kupanga magetsi. Anamasula mota ya fani yanga ya kuchipinda. Batire anakapempha kwa makaniko wa pakona, yakufa kale, imene mwini wake ankatsamiritsira chitseko. Mtengo wa chingwe choyanikira zovala anauzula, n'kupachikapo chinthucho pamwamba pa kanyumba. Chinkaoneka ngati nkhuku yososola. Mphepo ikawomba chinkalira kuti kwii kwii, agalu a msewu wonse n'kumavomera. Koma babu limene anapachika m'kanyumbamo osaphethira n'komwe.

Ndiye m'mawa wina ndinamva akukuwa. Babu layaka! Wailesi ikuimba, foni yawo ili pa chaja. Kuyambira pamenepo munthu anasintha kayendedwe. Ovolosi ya amuna anga anailanda, pensulo kukhutu, anthu a mumsewu n'kuyamba kuwatcha a Injiniya. Nditapita kukafuna chikwanje changa, ananditsekera pakhomo.

"Muno muli mphamvu zoopsa, mlamu. Si kukhitchini kuno."

Chimene chinkandidya mtima ndi tomato wanga, amene anayamba kufota mzere umodzi wokha, wolunjika kuchokera kukanyumba kupita kunyumba. Nditapalasa dothi ndi zala ndinagwira chingwe chakuda. Ndinachilondola bwinobwino. Chinadutsa pansi pa tomato, n'kukwera khoma kuseri kwa mgolo wa madzi, n'kulowa pakabowo kobooledwa ndi msomali, n'kukathera m'soketi ya kuseri kwa firiji yanga. Ndinakhala pansi pomwepo n'kuseka mpaka misozi. Mphepo yawoyo inali kukhitchini kwanga, kumene amati kulibe nzeru.

Loweruka masana anaitana anthu kuti adzaone zodabwitsa. Anabwera aphunzitsi opuma ntchito a nyumba yoyandikana nafe, mayi wa golosale, makaniko uja, ndi ena ongotsatira phokoso. Alamu anali atalonjeza kuti aliyense amupangira chake. Tsikulo kunali zii, ngakhale tsamba limodzi osagwedezeka, mapiko aja ali njo. Koma m'kanyumba babu likuwala, wailesi ikuimba.

"Nanga likuyaka bwanji, mphepo kulibe?" anafunsa mayi wa golosale.

"Ndi ya dzulo iyi, mayi," anatero alamu akusisita batire. "Ndinaisunga umu. Ndi sayansi, musavutike nayo."

Aphunzitsi anagwedeza mutu ngati amva. Makaniko ankangoyang'ana batire yake ija, nsidze zili m'mwamba. Ine ndinabwerera kunyumba, poti zovala zosasita zinali mulu. Ndinakankha firiji, n'kuzula chingwe chakudacho, n'kulowetsapo ayironi.

Wailesi inadukira pakati pa nyimbo. Nditasuzumira pawindo kukhitchiniko ndinaona alamu akumenya batire ndi sipanala. Kenako anatuma amuna anga kukwera padenga kuti azipukusa mapiko ndi dzanja. Ndipo anakweradi, bambo wa ana atatu, malata akulira pansi pa mawondo awo. Posakhalitsa alamu anatulukira kukhitchini thukuta lili kamukamu.

"Mlamu, mukutani?"

"Ndikusita malaya a mng'ono wanu. Bwanji, mphepo ya dzulo yatha?"

"Bwezerani kachingweko pang'ono chabe," ananong'ona. "Pali alendo."

"Ayi alamu, awa ndi magetsi a ife akapolo. Inu munamasuka, anu ali kumwamba."

Sanadziwe kuti makaniko wawatsatira kudzapempha madzi akumwa. Makanikoyo anaima pakhomo, n'kuona chingwe chili pansi, n'kuona kabowo. Anazungulira panja n'kuyamba kuchikoka. Chingwe chinatumphuka m'dothi ngati muzu, iye akuchitsatira pang'onopang'ono, mpaka chinamufikitsa pamapazi a alendo, pansi pa tebulo la a Injiniya. Mayi wa golosale anaseka mpaka kugwira khoma. Aphunzitsi anavala chipewa n'kumapita osatsanzika.

"Chimenecho chinali chongoyesera," alamu ankauza misana ya anthu. "Simukumvetsa!"

Amuna anga anali adakali padenga, akupukusabe. Anasuzumira pansi n'kufunsa, "Achimwene, layaka?"

Mlungu wotsatira alamu anasamukira kwa mlongo wawo amene amaweta nkhumba, akuti kwathu kuno kwachuluka nsanje. Sipanapite nthawi, mlongo wawoyo anandiimbira foni. Akuti a Injiniya alonjeza kumupangira gasi wophikira kuchokera ku ndowe, ndiye amafuna amve kwa ine ngati zimenezi amazidziwadi.

Ndinamuuza kuti awapatse fosholo, ayambe kaye ndi kuyeretsa khola. Za gasi adzakambirane akamaliza.