Chithunzithunzi cha Amayi Pakama

Achimwene anamuuzira mlongo wawo pageti, galimoto osazimitsa n'komwe. "Ujambule zipinda zonse, ziwale bwino. Koma Amayi asadziwe kuti nyumbayi tikugulitsa. Ndidzawauza ndekha wogula akapezeka."

Kujambula nyumba zamalonda inali ntchito yake mlongoyu, ndipo ankaidziwa. Koma nyumba iyi ndi imene anakuliramo. Achimwene akewo ndi anthu aja amakutuma kukagwira njoka iwo ataima patali.

"Zithunzi zachiyani, mwana wanga?" anafunsa Amayi ali pakhomo la balaza, ndodo ili m'manja.

"Zongosunga, Amayi."

Anapitiriza ntchito. Anatsegula makatani onse, n'kuzimitsa babu lachikasu chifukwa limalimbana ndi kuwala kwa dzuwa. Fulashi anailozetsa kudenga kuti kuwala kutsike mofewa, mipando isaponye mithunzi yakuda pansi. Kenako panatsala chimene ankachiopa. Pa ntchito imeneyi chilichonse cha eni nyumba chimachoka, kuti wogula adzione ngati walowamo kale. Anapachula chithunzi cha malemu bambo ake, pakhoma n'kutsala chigamba choyera pamene utoto sunasuluke.

"Bambo ako akulakwira chiyani?"

"Galasi lake likunyezimira, Amayi. Ndiwabwezera."

Amayi anayang'anitsitsa chigamba chija pakhoma.

Kuchipinda kwa Amayi ndiye kunavuta. Windo ndi limodzi, ndipo ngodya ya kuseri kwa wodirobu inali bii. Akaonjezera fulashi, khoma limayera mbuu ngati lachipatala. Akachepetsa, ngodyayo imaoneka ngati dzenje. Pankafunika munthu wogwira bolodi loyera kuti libweze kuwala kwa pawindo.

"Bweretsa ndikugwirire," anatero Amayi, akutsamiritsa ndodo kukhoma.

Anawapatsa. Atasuzumira pa kamera anaona ngodya ija yawala, koma chithunzithunzi cha Amayi chinali chitagona pakama, mutu ndi duku lomwe.

"Tasunthirani kumbuyo pang'ono, Amayi. Mukuoneka."

"Apa?"

"Pang'ononso."

Masilipasi anakhwekhwereza pasimenti. Phewa la chithunzithunzicho linali lidakali pa pilo.

"Apa?"

"Pang'ono pokha."

Chithunzithunzi chija chinatsika pakama, n'kudutsa pansi, n'kuzimirira. Anadina. Chipindacho chinatuluka chokongola zedi, chachikulu, chowala ngodya zonse, ngati simunagonepo munthu. Atatembenuka anapeza Amayi aima kunja kwa chitseko, m'kolido, atatambasula manja kuti bolodi lokha lilowe m'chipindamo. Manyazi anamugwira mpaka misozi inalengeza.

"Ndachokamo tsopano?" anafunsa Amayi.

"Eya, Amayi."

"Iwe, ndinakubereka ndine. Zithunzi zosunga zimene amachotsamo bambo ako, n'kuchotsamonso ine, akusungira ndani?"

Panja achimwene aja analiza hutala, kufulumizitsa.

Amayi anayang'ana kumene kunachokera phokosolo, kenako anakweza bolodi lija.

"Jambulanso china, mwina icho chagwedera. Ukamaliza ukamuuze mkulu wakoyo azimitse galimoto, alowe. Adzandiuze yekha ndikadali m'nyumba mwanga."