Mpeni wa Malemu Bambo

Mayi wa pabutchala anali akusadzula mwendo wa ng'ombe pamene mlongo wake wamng'ono analowa ndi mlendo wovala jekete ndi magalasi. Mlongoyo anati bambowa amagula mipeni yakale ya alenje, ndipo amva za mpeni umene malemu bambo awo ankasendera nyama zakutchire.

Mpeniwo unali m'manja mwa mayiyo, magazi ali chuchuchu. Kwa zaka makumi awiri ankaunola pamwala m'mawa uliwonse asanatsegule chitseko. Anautsuka, naupereka mwaulemu.

Mlendoyo anaulandira ndi kampango koyera, ngati wagwira khanda. Anaugogoda ndi chikhadabo n'kutchera khutu. Anati chitsulo chotere anasiya kalekale kusula: chimachita dzimbiri msanga ukachisiya chonyowa, koma chikathwa chathwa, osati zonyezimira zamasiku ano zobuntha pa tomato. Mayiyo anamwetulira. Zimenezo ankazidziwa kale, koma zinamukoma kuzimva kwa munthu wa magalasi.

Kenako bamboyo anautembenuza, nkhope n'kugwa. Anati chidindo cha amene anausula chafufutika, mpeni waonda ngati tsamba la udzu, chogwirira cha nyanga chamangidwa ndi waya. Ukanakhala wosagwiritsidwa ntchito, bwenzi akugula pamtengo wa njinga yamoto n'kukauika m'kabati yagalasi.

"Amene ankaunolayu waupha mpeni," anatero akupukusa mutu. "Umbuli ndi matenda."

Mayiyo anamuyang'anitsitsa mlendoyo. Umbuli? Mpeni umene unaphunzitsa ana atatu sukulu, kuphatikizapo mlongo yemweyu amene tsopano ankangoyang'ana sikelo ngati sakumva?

"Bambo, mpeni wosadula kanthu ndi supuni," anatero. "Bweretsani kuno."

Mlendoyo sanafulumire kubweza. Anati ngakhale wawonongeka choncho angathe kuperekapo kangachepe, poti ukufunika ukhale pamodzi ndi chimake chousungiramo. Anatsegula chikwama natulutsa chimake chachikopa chakuda, chosokedwa pakamwa ndi ulusi wofiira.

Mayiyo anachizindikira nthawi yomweyo. Ulusi umenewo anasoka ndi amayi awo. Chimakecho chinkakhala m'sutikesi kuchipinda kwake, pansi pa zovala za malemu, ndipo kupatula iye mwini, munthu mmodzi yekha ndi amene ankadziwa pamene pamakhala kiyi.

Mlongoyo anayamba kulankhula mothamanga. Anati chikopa chinkangodyedwa ndi nkhungu, anati amafuna kumuuza mayiyo, anati ndiponso katundu wa bambo ndi wa ana onse.

"Wa ana onse?" anafunsa mayiyo motsitsa mawu. "Pamene bambo ankadwala, ana onsewo anali kuti? Walowa kuchipinda kwanga, iwe, n'kupisa m'zovala za maliro?"

Makasitomala awiri amene ankadikira nyama anasiya kucheza. Mayiyo anatambasula dzanja, ndipo mlendoyo anaika mpeni patebulo msangamsanga. Atapemphedwa chimake anakana, nati anagula mwachilungamo, akafuna akakambirane pachibale. Anatuluka, mlongoyo ali pambuyo pake ngati mbuzi yogulidwa.

Chimakecho sichinabwerenso. Mlongoyo anatumiza mkazi wake kawiri kudzapepesa, ndipo kawiri konse mlamuyo anabwerera ndi nyama ya ana koma wopanda yankho.

Tsiku lomwe kunabwera mlendo uja, mayiyo anagula loko watsopano wa kuchipinda. Pobwerera anapeza mzere wafika pakhomo, wina akudandaula kuti akuchedwa kuntchito.

"Mukufuna yamafupa kapena mnofu?" anafunsa, akukoka mwendo wa ng'ombe uja.