Chilumba Chobereka Anyamata Okhaokha

Kumtunda kwa mlatho wa Zalewa, pamene mtsinje wa Shire umagawikana pawiri n'kukakumananso, panali chilumba chotchedwa Nkhadze. A Ezekiele, mwinimbumba wa pachilumbapo ndiponso mwini bwato lokhalo, ankakumbukira masiku amene utsi unkafuka m'nyumba zosawerengeka. Pofika zaka zimene anthu anayamba kuvala nsalu za zipani zosiyanasiyana, nyumba zofuka utsi zinatsala zisanu, ndipo wamng'ono mwa amuna onse anali a Ezekiele omwewo, a imvi mbuu.

Sanali matenda, sizinali ng'ona. Amayi a pa Nkhadze anangoyamba kubereka ana aamuna okhaokha, ndipo mwana wamwamuna ndi wa mudzi wa eni: akakula amapita kuchikamwini. A Ezekiele anawaolotsa ndi manja awo mmodzimmodzi, wina wa ku Midzemba, wina wa ku Dambe, kukachulukitsa midzi ya anthu ena. Mtsikana anatsala mmodzi, Enelesi, mwana wa mlongo wawo. Iyeyu akabweretsa mwamuna, mudzi udzuka. Akatengedwa chitengwa, chilumba chisanduka dimba la mvuu.

Tsiku lina Loweruka, a Ezekiele atapita kukamtenga Enelesi kutsidya komwe ankagulitsa tomato, anampeza ali ndi mnyamata wamafuta akuda m'zikhadabo.

"Amalume, awa ndi a Laimoni, amakonza njinga pa Zalewa. Ali ndi mawu."

Mnyamatayo anapereka moni ndi dzanja limodzi, chipewa chili kumutu, wopanda nkhoswe ngakhale yobwereka. A Ezekiele anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, nameza mawu, poti mlendo sadzudzulidwa padoko.

Bwato litangochoka, ulemu unabwera wokha. Laimoni anagwada, nagwira m'mbali ndi manja onse awiri, natsinzina. Mvuu italira chapatali, chipewa chinagwera m'madzi, iye nayamba nyimbo ya pamaliro. A Ezekiele anapalasa mosafulumira konse.

Atakhala pamphasa, mnyamata uja anapezanso liwu lake.

"Bambo, ine ndikufuna Enelesi, koma ndimutenga. Masiku ano ndi a matipate, munthu ali ndi ufulu wokhala kumene afuna."

"Mnyamata iwe," anatero a Ezekiele, "matipate anasintha boma, sanasinthe mbumba yanga. Kodi kwanu kulibe akuluakulu, kuti ubwere wekha ngati wogula mbuzi?"

"Akuluakulu ndine ndemwe. Makolo anatisiya. N'chifukwa chake chikamwini sindingachithe: ndikulera alongo anga anayi, onse m'kachipinda ka lendi kuseri kwa golosale. Ndiwasiyire yani?"

A Ezekiele anali atatsegula kale pakamwa kuti amuthamangitse. Anatsekanso. Anakhosomola pang'ono, nakonza kolala ya malaya awo.

"Mwati alongo, bambo Laimoni?"

"Eya."

"Anayi? Onse aakazi?"

"Alongo a mwamuna amakhala aakazi, bambo."

Yankho lotere tsiku lina likanamudyetsa nkhafi pamsana. Koma a Ezekiele anaitana mlongo wawo kuti aphe tambala, nauza Enelesi achotse mlendo pamphasa, amukhazike pampando wa ndalema umene unkatulutsidwa abusa akabwera basi.

"Ana amasiye sakulira kuseri kwa golosale," anatero mwaulemu wonse. "Pano nyumba zilipo zongosowa anthu, minda ikulira makasu. Abwere onse. Akadzakula, amuna awo adzawapeza pompano."

"Nanga ntchito yanga ya njinga?"

"Pachilumba pano palibe njinga ngakhale imodzi. Mudzapuma."

Laimoni anayang'ana Enelesi kuti amuthandize, koma Enelesi anali kuthothola tambala, akumwetulira ngati munthu amene anadziwa kale mathero a mlandu. Anayang'ananso kumtsinje. Madzi anali ofiira, ndipo mvuu ija inali itasendera pafupi ndi doko.

"Ngati mukukana, tiyeni ndikuolotseni tsopano lino, dzuwa lisanapendeke," anatero a Ezekiele, akutola nkhafi. "Kungoti bwatoli madzulo limalowa madzi."

"Ayi, bambo, nkhani yabwino sathamangira," anayankha Laimoni, manja onse awiri ali pamodzi.

Alongo a Laimoni aja, a Ezekiele anakawatenga okha, pamodzi ndi mkulu wa mpingo woti akhale nkhoswe, pakuti ukwati wopanda dongosolo sakanaulola ngakhale pa chilumba chakutha.

Sipanapite zaka zambiri, anyamata anayamba kuoneka padoko la kutsidya, atapesa bwino, akufunsa ngati bwato likuoloka. A Ezekiele ankakweza okhawo ovula chipewa.

Mwana woyamba wa Enelesi anabadwa wamwamuna. Amayi anachita mantha kukawauza, koma a Ezekiele anamulandira ndi manja awiri, namuyang'ana timikono.

"Palibe kanthu," anatero. "Amuna a azakhali akewo adzafuna wowaolotsa, poti bambo wakeyu bwato sadzaligwira mpaka imfa."