Jezi Yochapa

Pa mdadada wathu wa nyumba za lendi, munthu wodziwa mpira kuposa tonse anali mkazi. Tinkangomutchula kuti Kochi. Ankasoka zovala pakhonde, wailesi ili pambali pa makina, ndipo ukamufunsa za timu imene mwamuna wake ankachemerera ankakuuza goloboyi amene wavulala chala, wotchinga kumbuyo amene wakangana ndi mphunzitsi, ngakhale woyimbira amene amadana nayo timuyo. Amuna obwera kudzasoketsa mathalauza ankangoti kukamwa yasa.

"Alamu, inu ndiye sapota weniweni," ankatero. "Akwathuwa mpira ukangoyamba amati tichotsereni phokoso."

Kochi ankangomwetulira, ulusi uli pakamwa. Ine mawu amenewo ankandinyansa. Ndimaluka tsitsi nyumba yoyandikana nayo, ndipo khoma lotilekanitsa ndi lopyapyala moti munthu akatsokomola uko umamva ngati ali pabedi pako. Ndinkadziwa chimene chinamuphunzitsa mpira. Mwamuna wake, wowotcherera zitsulo, anali munthu wabwinobwino timu ikapambana. Ankabwera akuimba, n'kumuponya m'mwamba kamwana kawo kakakazi. Ikagonja ankalowa osapereka moni, n'kukhoma chitseko, n'kukweza wailesi mpaka kumapeto. Mawa lake Kochi ankasokera m'nyumba, makatani ali otseka.

Loweruka limenelo timu inali ndi masewero a chikho, oti ikagonja yatuluka. Mwamunayo anali ndi jezi imene sanaichape chiyambireni chikhocho, ati mwayi wonse uli mu thukuta lakelo. Inkanunkha ngati chiguduli chokolopera, koma iye ankaipachika pa msomali wakewake. Tsono mwana uja anaigwetsa n'kuikodzera. Kochi anaichapa mobisa, n'kuiyanika kuseri kwa nyumba yanga, kenako n'kuitikita pa ovololo yakuntchito ya mwamunayo kuti fungo libwerere.

Ndinali pakhomo pamene bamboyo ankatuluka atavala. Anaima, anakokera kolala kumphuno, ananunkhizanso kachiwiri.

"Sopo uyu?"

"Ayi bambo, mwina ndi manja angawa," anatero Kochi.

Sanakalipe. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anagogoda makina osokera ndi chala.

"Tikambirana ndikabwera."

Masana amenewo kunalibe kasitomala, anthu onse anali atakhamukira kubwalo. Msewu unali zii, agalu okhaokha. Ndinatenga mpando wanga n'kukakhala pakhonde pa Kochi. Mpira utangoyamba kumene, adani anachinya. Iye anapitiriza kupondaponda makina, koma ndinaona kuti msoko wa siketi ukukhota. Chigoli chachiwiri cha adaniwo chitalowa anachotsa phazi, ndipo pakhonde panangotsala mawu a wolengeza mpira pawailesi, akukuwa mosangalala ngati kwawo kwabadwa mwana.

Osewera atapita kokapuma ndinazimitsa wailesi ndekha.

"Iwe, longedza."

"Asisi, chigawo chachiwiri chilipo."

"Chigawo chachiwiri cha chiyani? Khutu lako lakumanzereli silikumva mpaka lero, ndipo tsiku limene anakumenyalo panalibe mlandu wa jezi. Lero akusiya wamoyo? Mng'ono wanga ali ndi chipinda chongokhala. Tikwere basi anthu asanatuluke kubwalo."

Ndinali nditamuuzapo zimenezi kangapo, iye n'kumangoti ndiganiza kaye. Tsikulo sanatsutse. Anadzuka ngati munthu wodwala n'kutulutsa chikwama pansi pa bedi. Ine ndinakokera makina m'nyumba, ndinatenga sikuludiraiva n'kuyamba kumasula mutu wa makina pa thebulo lake, chifukwa popanda makinawo akadakadya chiyani kumeneko? Kasikuluwu kena kanandipulumuka n'kugwera pansi pa kabati. Galimoto iliyonse ikamadutsa pamsewu, tonse tinkaima n'kumvetsera.

Ndili mkati momasula ndinamva wailesi ikulankhulanso kuchipinda. Kochi anali atalowa nayo n'kuiyatsa.

"Aikamo wosewera wamfupi uja," anatero akupinda madiresi a mwana. "Akanamuyambitsa kalekale. Ameneyu amathamanga."

"Pinda zovala, iwe!"

Wamfupi ujadi anachinya. Kutali, cha kubwalo, kunamveka mkokomo ngati mvula ikubwera pa malata. Kochi anangogwira kadiresi m'manja osakaika m'chikwama. Ndinamulanda, ndinaponyamo zotsala zonse mosapinda, ndinakulunga mutu wa makina mu nsalu n'kuusenza. Iye anabereka mwana. Tinafika mpaka pakhomo, wailesi ili m'khwapa mwake, pamene timu ya mwamunayo inachinya chigoli chachiwiri.

"Afanana, asisi."

"Afanane, asafanane, tiye."

"Dikirani pang'ono. Pang'ono pokha."

Katundu anali akundithyola khosi, mtima ukundiwawa, koma munthu wamkulu sungamukoke ngati mbuzi. Tinaima pamenepo, mwendo wina panja wina m'nyumba. Kenako wolengeza uja anakuwa kuti timu ya mwamunayo yapatsidwa penate, nthawi itatha kale. Kochi anagwada pa simenti, mwana ali kumsana, wailesi ataikanikiza pa khutu lakumva lija. Milomo yake inkagwedezeka. Ine amene ndimapita kutchalitchi sabata iliyonse sindinaonepo munthu akupemphera chonchija.

Mpira unalowa. Kochi anakuwa, analumpha, mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira, ndipo iye ankaseka misozi ili chuchuchu. Anandikumbatira mpaka makina anatsala pang'ono kugwa. Chimene chinandiopsa n'chakuti chimwemwe chimenecho sichinali chonamizira ayi.

"Tsitsani, asisi, timangirirenso asanafike. Lero abwera bwino."

"Nanga Loweruka likubwerali?"

Kochi anali atagwada kale, akufufuza kasikuluwu pansi pa kabati. Ndinamuthandiza kumanga makinawo ndili ndi mkwiyo woti ndikanatha kuwaphwanya. Zovala anazibwezera mwamsangamsanga, chikwama n'kuchikankhira pansi pa bedi ndi phazi.

Dzuwa lisanalowe msewu unadzaza ndi malipenga ndi mahutala. Bamboyo tinamumvera patali, mawu atasasa ndi kuimba. Anafika jezi ili yonyowa, maswiti a mwana ali m'manja, ndipo anandipatsa moni mwaulemu ngati mkamwini. Kenako anamugwira Kochi kumbuyo kwa khosi ndi dzanja lake lazipsera, n'kumugwedeza mwachikondi.

"Unaichapa, eti? Usakane, sindikumenya."

"Ndinaichapa, bambo."

"Mwamva, mayi?" anatembenukira kwa ine akuseka. "Mkazi wangayu ali ndi manja amwayi! Kuyambira lero uzichapa iweyo, masewero aliwonse, mmene unachapiramu. Osasintha kanthu. Timu yonse ndaisiya m'manja mwako."

Dzanjalo silinachoke pakhosi. Pawailesi anali akulengeza timu yodzakumana nayo mu ndime yotsatira, ndipo bamboyo anaweramira pafupi kuti amve bwino.

"Amenewo ndiye ayi," anatero. "Akusewera bwanji chaka chino, Kochi?"

Kochi anayang'ana pansi, kenako anayang'ana ine.

"Sanagonjepo, bambo."