Siginala Sakhala Chete

"Karima, ulipo kapena netiweki yathawanso?"

Mawu a Pauline anatuluka mu laputopu kachitatu, Karima n'kudzidzimuka. Analipo ndithu, pakhonde la nyumba ya bambo ake ku Senga Bay, zala zikuthamanga pamabatani. Kungoti kwa mphindi khumi ndi ziwiri anali asanatulutse liwu ndi limodzi lomwe.

"Ndamaliza," anayankha monyadira.

Pauline anali mnzake wa ku koleji yemwe tsopano ankagwira ntchito ku Lilongwe, ndipo m'mawa umenewo ankamuyesa ngati mmene amayesera pa intavyu. Anamupatsa funso loti alembe pulogalamu ya pakompyuta yopeza mayina obwerezedwa pamndandanda wautali wa makasitomala. Pauline anaiyendetsa pulogalamuyo, n'kuona kuti ikugwira bwinobwino.

"Yankho lakhoza, koma mwini wake walephera," anatero Pauline. "Anthu a intavyu aja sagula yankho, chemwali. Akufuna amve mmene ukuganizira, chifukwa ntchito yake n'kukhala pansi ndi makasitomala. Uziyankhula uku ukulemba. Ngakhale zolakwika, uzinena."

"Ndinene bwanji chinthu chomwe sindinatsimikize?"

Pauline anangoseka, n'kumukumbutsa kuti kwatsala masiku atatu.

Intavyuyo inali ya Lachinayi, pa vidiyo, ndi kampani yaikulu yolangiza mabanki ndi mabungwe pa nkhani za makompyuta. Mayeso olemba Karima anali atakhoza kale. Koma lamulo la kampaniyo linali loti wolephera pano adikire chaka chathunthu asanayeserenso, ndipo Karima analibe chaka china choti ataye. Zaka ziwiri zinali zitatha kale digiri ili m'sutikesi, iye akuthandiza kutembenuza usipa pathandala za anthu. Amayi a pagombe anali atamupatsa dzina loti a Digiri, ndipo ankalitchula mokoma kwambiri moti munthu sukanapeza poyambira kukwiya.

Vuto la Karima silinali manyazi, ngakhale Pauline ankaganiza choncho. Pakhomo pa Che Abdallah, bambo ake, panali mwambo umene ana ankaudziwa asanadziwe n'kuwerenga komwe: nsomba zomwe sizinafike kumtunda sizitchulidwa. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Karima anauzapo anzake kuti lero ababa abwera ndi usipa wodzaza boti. Tsiku limenelo boti linabwera lopanda kanthu, ndipo kwa sabata yonse pakamwa pake ndi pomwe panali nkhani pagombe. Kuyambira pamenepo anaphunzira kutseka pakamwa mpaka chinthu chitakhala m'manja. Ku sukulu khalidwe limeneli linkamupindulira, aphunzitsi ankati ndi mwana wofatsa. Lero linali pafupi kumumanitsa ntchito.

Che Abdallah anamva zonse ali pansi pa mtengo wa mango, pomwe ankasoka ukonde wa munthu wina. Kunyanja anasiya kupita maso atayamba kuvuta, koma makutu anali akadali akuthwa, makamaka pa nkhani zomwe sanaitanidwe. Anamufunsa mwana wawo chimene mnzakeyo amamukalipira. Karima anafotokoza monyinyirika, akuyembekeza kuti bambo ake amuikira kumbuyo.

M'malo mwake iwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ine kunyanja ntchito yanga inali chiyani, mwanawe?"

"Munali siginala, ababa."

"Nanga siginala amatani?"

Karima ankangodziwa kuti ndi munthu amene amakhala yekha m'bwato la nyali, kukopa usipa kuti usonkhane, anzake ali m'maboti ndi ukonde waukulu wotchedwa chilimira. Zoposa apo sankadziwa, poti mwana wamkazi sapita nawo kokaponya ukonde.

"Siginala amalongolola kuposa mayi ako," anatero Che Abdallah. "Ndinkakuwa kuti zasonkhana kumanja, konzekani. Kenako ndinkati ayi, dikirani, zasunthira kuno. Nthawi zina ndinkati ndanama, ndi mthunzi chabe. Anzanga m'maboti muja saona zomwe ndikuona ine, amaonera pakamwa panga. Ndikanati ndizidikira kutsimikiza, tikanamakoka madzi okhaokha."

"Koma munkatiletsa kunena."

"Limenelo ndi lamulo la kumtunda. Pamadzi wokhala chete ndi amene amagonetsa anzake ndi njala."

Che Abdallah anayang'ana ukonde uli pamiyendo. Kenako ananena motsitsa mawu kuti anamuphunzitsa theka lokha, theka la anthu otsala pagombe, chifukwa sanaganizepo kuti mwana wawo wamkazi adzakhalanso ndi bwato lake. Karima anamva chisoni, komanso kaukali pang'ono poganiza zaka zonse zomwe wakhala akumeza mawu.

Madzulo a tsiku lomwelo anayamba sukulu yawo. Che Abdallah sankadziwa Chingerezi, ndipo kompyuta ankangoitcha makina. Komabe anadziika okha pampando wa wofunsa mafunso. Anaika beseni lachitsulo pambali, ndipo Karima akangokhala chete nthawi yokwana kupuma katatu, ankaligogoda ndi kamtengo kosokera ukonde. Tsiku loyamba beseni linalira moti nkhuku zinasamuka pakhomo. Karima ankayamba chiganizo n'kuchisiyira panjira, lilime likulemera ngati akunena bodza mumzikiti.

Tsiku lachiwiri anayamba kufotokoza m'Chichewa kaye, kenako m'Chingerezi. Anawauza bambo ake kuti atenga dzina lililonse n'kulisunga pambali, ndipo akakumananso nalo adziwa kuti labwerezedwa.

"Pagombe pano a Abdallah tilipo asanu," anamudula. "Mmodzi ndi wakuba mafuta a injini. Makina akowo atiphatikiza tonse kukhala munthu mmodzi?"

Karima anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Beseni linalira. Anavomera mokweza kuti sanaliganizire zimenezo, ndipo anadabwa kuona kuti kuvomerako sikunamuphe.

Lachinayi m'mawa anatchaja laputopu ndi batire la nyali za asodzi, anavala mpango wake wabuluu, n'kukhala m'chipinda pafupi ndi zenera pomwe netiweki imagwira. Anawapempha bambo ake kuti lero beseni lipume. Iwo anati Insha Allah, yankho lomwe Karima ankalidziwa bwino kuti silitanthauza inde.

Ofunsa anali awiri, mayi wina wa magalasi ndi bambo wosaseka. Funso lawo linali lophatikiza mindandanda iwiri ya odwala a zipatala ziwiri popanda kulemba munthu kawiri. Asanalembe kalikonse, Karima anafunsa ngati anthu awiri a dzina limodzi awatenge ngati munthu mmodzi, kapena pali china chowasiyanitsa. Mayi wa magalasi uja anadzutsa mutu, n'kunena kuti agwiritsenso ntchito tsiku lobadwa. Mayiyo analemba kenakake papepala lake.

Zinayenda bwino mpaka pomwe bambo uja anati tsopano ayerekeze kuti odwalawo ndi mamiliyoni khumi. Karima anaona nthawi yomweyo kuti njira yomwe anatenga ichedwa kwambiri. Khalidwe lakale linabwerera lonse, lomuuza kuti atseke pakamwa, akonze kaye, adzayankhule zikatheka. Anapuma kamodzi, kawiri, katatu.

Panja, pansi pa zenera, beseni linalira kamodzi.

"Ndayamba ndi njira yolakwika," anatero Karima m'Chingerezi. "Ndikuuzeni pomwe yalakwika, kenako ndiyese ina. Sindinatsimikize ngati igwire."

Bambo wosaseka uja anamuuza kuti apitirize, akumvetsera. Penapake anamufunsa funso lomwe linamuonetsa poti adutse, ndipo Karima anazindikira kuti akanakhala chete thandizo limenelo silikanabwera. Nthawi inatha asanamalize gawo lomaliza. Anamuthokoza, n'kumuuza kuti amva pakatha masabata awiri.

Masana anapita kuthandala monga mwa masiku onse. Amayi aja anali atamva kale, poti pagombe nkhani siyenda pansi.

"A Digiri, tiyambe kusoka yunifolomu ya phwando?"

Karima anangomwetulira, n'kupitiriza kutembenuza usipa.

Pobwerera anawapeza bambo ake pansi pa mango paja, atangochoka kopemphera swala kumzikiti, ukonde uli pamiyendo. Sanamufunse kanthu. Karima anakhala pambali pawo n'kuwagwirira mbali ina ya ukondewo kuti ukungike.

"Sindinamalize, ababa," anatero. "Koma ndayankhula mpaka kumapeto."

"Ndinamva. Beseni ndinaligwira kamodzi kokha."

Za ntchitoyo, ngati aipeze kapena ayi, panalibe anatchula. Onse awiri anali kumtunda tsopano, ndipo anapitiriza kusoka.