Anauchiritsa Mtengo wa Luckness

Luckness anagoneka chitini chammbali, n'kumachigogoda ndi mpini mpaka dothi linamasuka. Mtengo unatuluka ndi mizu yopotanapotana ngati chisa cha mpheta. Unali pulamu wa masamba a pepo, wongokongoletsa pakhomo. Kanthambi kake anachita kupempha kwa wosamala maluwa wina ku Madisi, n'kudzakamezanitsa yekha pa tsinde la pichesi ndi lezala, n'kumangapo ndi pepala la shuga. Kasanu konse zinakanika. Kachisanu ndi chimodzi kanagwira.

Tsopano kanali kamtengo kofika m'chiuno. Mayi Debora, eni nazale ya mitengo ku Mponela, anali ataona chithunzi chake pa foni n'kunena kuti, "Ukabwera nawo wamoyo pakutha pa mwezi, ntchito ndi yako."

Luckness anaboola ndowa pansi, kuyalamo timiyala, kenako dothi lakuda losakaniza ndi mchenga ndi manyowa owola. Anadula mizu yopotana ija, n'kuukhazika bwinobwino. Akuthirira, anatulukira bambo ake, a Stefano, ndi mchimwene wake Malizani kuchokera kuchigafa cha fodya. Malizani anali atavala chipewa chimene anamupatsa ku maphunziro a alimi a masabata awiri ku Nachisaka. Chipewacho ankangochivula posamba.

"Ukudwala uwu," anatero Malizani, akuukhudza ndi chala chakumwendo. "Chimanga chikafiira chonchi ndiye kuti chili ndi njala."

"Si chimanga ichi, achimwene. Mtundu wake ndi womwewo."

"Umve zimenezo! Ndiye munthu wotupa mapazi tizinena kuti ndi mtundu wake? Ukufuna feteleza uwu."

"Musayerekeze! Ndangoudula mizu, uli ndi mabala. Feteleza autentha."

A Stefano anaseka. "Iwe unaphunzira kuti? Pa foni? Mkulu wako ali ndi pepala lodinda. Galu wamkota sakandira pachabe."

"Ena amangokanda utitiri, bambo."

"Pakamwa pakopo! N'chifukwa chake sukwatiwa."

Mawa lake Luckness anapita ndi mayi ake ku maliro ku Ntchisi. Ndowa anaisiya pamthunzi kuseri kwa nkhokwe. Atabwerako patapita masiku atatu anaipeza ili pakati pa bwalo, padzuwa. Masamba anali atapindika, m'mphepete mwake mutapsa ngati fodya wolakwika. Anafukula ndi chala patsinde. Timibulu toyera, tosungunuka theka, tinali mbwee.

"Achimwene!"

Malizani anatuluka akutokosa m'mano. "Manja awiri okha a yureya. Ndipo ndimathirira m'mawa ndi madzulo. Undithokoze."

"Ndinakuuzani! Ndi pakamwa pangapa ndinakuuzani! Zaka ziwiri ndikuulera, ndikusenza madzi kuchokera kudambo. Inu munali kuti? Chipewa chokhacho chikuphetseni mtengo wanga?"

"Iwe Luckness!" anakalipa a Stefano ali pakhonde. "Feteleza wodula chonchi mkulu wako wamutaya pa mtengo wosabala n'chipatso chomwe, iwe m'malo mogwada ukumutukwana? Pepesa."

Sanapepese. Anakhuthula dothi lonse, kutsuka mizu, kuikamo lina. Koma mizu inali itada kale. Sabata isanathe masamba onse anayoyoka.

Pakutha pa mwezi anaimbira Mayi Debora n'kufotokoza zonse. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Pepa mwanawe. Koma ine ndilemba munthu chifukwa cha nkhani? Ndatenga mnyamata wina wa ku Dowa, anabwera ndi mapeyala ake amoyo."

Mvula yoyamba itagwa, a Stefano anaitana anthu oyandikana nawo, chimwemwe chitadzaza tsaya.

"Bwerani mudzaone! Wachira! Malizani ndi dokotala!"

Luckness anayang'ana mundowa. Pansi penipeni pa tsinde, kumunsi kwa chipsera chimene anamezanitsira, panali pataphuka timasamba tatitali tobiriwira. Sanali pulamu. Anali pichesi uja, tsinde chabe, amene amamera paliponse pamene mwana walavulira nthanga. Anagwira nthambi yakumwamba, inangoti thyo, youma gwa.

"Waona kubiriwirako?" anatero Malizani, akukonza chipewa. "Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, mlongo wanga."

Anthu anavomera. Mayi wina mpaka anapempha Malizani kuti akaone mandimu ake.

Luckness anaponya pansi nthambi youma ija. Akanauza ndani? Analowa m'nyumba, kukulunga zovala zake m'chitenje, lezala n'kuika m'thumba. Azakhali ake ku Madisi anali ndi khonde lotchinga, ndipo mtengo umene anapemphako kanthambi kaja unali ukadalipo. Tsinde lamoyo limalandiranso nthambi ina. Ntchito yokha ndiyo inali itapita.

Wa kabaza atafika, anamanga ndowa kumbuyo ndi chingwe cha mphira.

"Ukupita nawo kuti mtengo wochira kale?" anafunsa a Stefano.

"Kumene sadziwa kuchiritsa, bambo."

Anakwera, dzanja limodzi litagwira ndowa, osacheukanso.