Masikirini Atatu a Achimwene

Achimwene anandiuza Lolemba m'mawa kuti akusiya ntchito. Ananena ali chiimire pakhomo la ofesi yathu, chikwama chidakali paphewa, ngati munthu amene akungonena kuti kunja kwachita mitambo.

"Kanema wa mbuziyu akatha, ine basi. Upeze wina wojambula."

"Wina ndani? Nthabwala za m'mawa mwaziyamba liti?"

"Ndatopa, Tsabola."

Tsabola ndine. Dzinali anandipatsa ndi iwo omwewo ndili mwana, chifukwa ndili ndi mtima wapachala, ndipo sindikana. Ofesi yathu ndi chipinda chimodzi pamwamba pa shopu ya matayala. Takhalamo zaka zisanu ndi zinayi: achimwene amajambula makatuni ndi kuwayendetsa, ine ndimadula zidutswa, kuzilumikiza, kuikamo mawu ndi nyimbo. Iwo akachoka, ine ndidzadula chiyani? Mphepo?

Ndinawafunsa chifukwa, anangokhala pansi n'kuyatsa kompyuta. Ndinawafunsanso masana, anati ndisawasokoneze, mbuzi ikufunika miyendo. Koma ine ndinkaona ngati chifukwa ndikuchidziwa kale. Chinali chikompyuta chathu chakalecho. Ukachiuza kuti chitulutse kanema wa mphindi imodzi, umapita kukadya n'kubwerera chikadali kubuula. Sikirini yake inali imodzi, yaing'ono ngati buku la kusukulu, ndipo zonse zinkapanikizana momwemo: chojambula, mzere wa nthawi, tizithunzi totsogolera nkhani. Miyezi yapitayi achimwene ankachita kuyandikitsa nkhope mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza galasi. Kamuvi ka mausi kankawasowa kawirikawiri, n'kumagwedeza mausiyo patebulo ngati akupha nyerere. Tsiku lina anajambula mbuzi yonse bwinobwino n'kuiwala mchira womwe unali m'mphepete mwa chithunzi. Munthu amene kale ankandidzudzula chifukwa cha kadontho kamodzi! Ndinati ayi, si iwo, ndi chimakinachi chawathera mphamvu.

Ndiye ndinalumbira kuti pofika Loweruka apeza kompyuta yatsopano, ya masikirini atatu, yoti munthu akakhala kutsogolo kwake asaganizenso zochoka.

Sabata imeneyo sindinakhale pansi. Ndinazungulira mashopu mpaka nsapato zinanditulutsa matuza. Uku bolodi lomangirapo zipangizo zonse lilipo koma purosesa yake, ubongo wa kompyuta, palibe, uko purosesa ilipo koma siyikwana pabolodi lomwe ndagula. Khadi la zithunzi, lomwe ndi limene limanyamula katundu yense wa makatuni, ndinakalipeza Lachitatu kuseri kwa msika, lalikulu ngati njerwa. Masikirini atatu ofanana ndinawatenga Lachinayi, ndipo woyendetsa galimoto amene anandinyamula ankalowa m'dzenje lililonse la mumsewu ngati amachita kulisaka. Ndinamukalipira njira yonse. Zonsezi ndinkabisa kwa a Waya, bambo wokonza makompyuta amene ali ndi kashopu pafupi ndi masitepe athu.

"Undisiyire ndikumangire," anatero a Waya, akuyang'ana makatoniwo ndi maso a njala.

"Ayi, ndimanga ndekha. Ndi ya achimwene iyi."

"Unamangapo?"

"Ndaonera mavidiyo."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi mausi.

Lachisanu achimwene anati sabwera, akuperekeza alamu anga kwinakwake. Ndinati zikomo Mulungu, mpata ndi umenewu. Ndinakweza makatoni onse m'mwamba, n'kuyala nyuzipepala patebulo, n'kuyamba. Purosesa ndi kanthu kochepa kwambiri, kokhala ngati bisiketi, koma ukakaika mokhota wawononga zonse. Ndinakagoneka m'malo mwake ndisakupuma, n'kupaka mafuta ake otuwa othandiza kuti kasatenthe, n'kumangirira choziziritsira pamwamba. Ramu, yomwe imathandiza kompyuta kukumbukira zinthu, inakana kulowa mpaka ndinaikankha ndi zala ziwiri, n'kumva kuti thwa. Kasikuluu kamodzi kanagwera mkati mwa bokosi, ndinachita kulinyamula bokosi lonse n'kulikutumula ngati thumba la mtedza. Pansi a matayala akugogoda zitsulo, thukuta likulowa m'maso, tsitsi lamasuka, ine ndikutukwana mawaya osalakwa.

Itakwana naini koloko ndinali nditaika khadi la zithunzi. Itakwana leveni masikirini anali atakhala pamikono yawo yachitsulo. Ndinalumikiza mawaya, n'kudina batani.

Mafani anazungulira. Sikirini yapakati inayaka mbee. Ya kumanzere ndi ya kumanja, bii.

Ndinazimitsa, ndinayatsa. Ndinasinthanitsa mawaya. Ndinauzira m'mabowo ngati mwana. Bii basi. Kenako mafani anayamba kulira ngati akufuna kuuluka, bokosi linatentha, kompyuta n'kuzima yokha. Mayo ine! Ndinatsika masitepe awiriawiri.

A Waya anakwera pang'onopang'ono dala, akupukuta magalasi awo. Anasuzumira kumbuyo kwa bokosi n'kupukusa mutu.

"Khadi lalikulu lonseli wagulira chiyani?"

"Mukutanthauza chiyani?"

"Mawaya wawalowetsa m'mabowo a bolodi, m'mwambamu. Khadi lako langokhala ngati mlendo wosapatsidwa moni. Mabowo ake ndi awa m'munsiwa, akadali ndi zotsekera zake zakudazi."

Anamasulanso choziziritsira, n'kuchitembenuza. Pansi pake panali kapepala ka pulasitiki, kolembedwa ndi zilembo zofiira kuti kachotsedwe kaye. Anakamatula n'kukandimata pachipumi.

"Safunsa anadya phula, mwana wanga."

"Ingokonzani a Waya, miyambi mukaphere ana anu kunyumba."

Manyazi anandigwira, koma pamene masikirini onse atatu anayaka limodzi ndinaiwala zonse. Ndinavina ndekha pakati pa makatoni. Masana onse ndinakhala ndikuika mapulogalamu ndi kufananitsa mitundu, kuti mbuzi yofiirira pasikirini iyi isakaoneke yachikasu pa inayo. Kenako ndinagawa ntchito monga amachitira odziwa: pakati pojambulira, kumanja kanema akuseweredwa wamkulu, kumanzere tizithunzi totsogolera nkhani ndi mzere wa mawu. Ndinawatambasula masikiriniwo ngati mapiko, tebulo lonse kudzaza, kuti munthu azingoponya diso uku ndi uku osatembenuza khosi. Kanema amene chikompyuta chakale chinkamutafuna ola lathunthu, iyi inamulavula ndisanamalize kumwa madzi.

Ndisanatseke ofesi ndinachita chinthu chimodzi chachibwana. Pasikirini ya kumanzere ndinalemba ndi zilembo zazikulu ngati dzanja langa, zoyera pamalo akuda: MUSACHOKE ACHIMWENE. Pakamwa panga mawu otere satuluka, ndimangodziwa kukalipa.

Loweruka ndinafika msanga. Ndinasesa kawiri, ndinasuzumira pawindo kakhumi, ndinakhala, ndinaimirira. Atamveka pamasitepe mtima unagunda ngati ng'oma. Analowa, phewa lawo n'kugunda chitseko, n'kuima.

"Ichi n'chiyani?"

"Khalani pansi muone."

Ndinawakokera mpando. Anakhala, n'kupapasa patebulo mpaka anapeza cholembera chawo cha pakompyuta. Anajambula mzere umodzi, mzere n'kutsatira dzanja osachedwa ngakhale pang'ono. Anamwetulira. Ndinaona ndi maso angawa, anamwetulira ndithu.

"Wamanga wekha?"

"Ndekha. A Waya anangoonerera."

"Ikuthamanga bwanji!"

Ndinaima kumbuyo kwawo ndikudikira. Mawu anga anali pomwepo kumanzere, akuwala moti ngakhale wa matayala akanawawerenga ali pansi. Mphindi imodzi inadutsa, ziwiri, zisanu. Achimwene ali phee ndi sikirini yapakati, akukonza ziboda za mbuzi. Kenako anafunsa kuti tizithunzi totsogolera ndatiika kuti, n'kuyamba kutsegula mawindo ena pakati pomwepo, kuunjika chilichonse pamalo amodzi monga ankachitira pa chikompyuta chakale.

Apa ndiye moto unandikwera.

"Zoona achimwene? Sabata yonse ndayenda ngati wamisala, mapazi matuza okhaokha, ndasekedwa ndi a Waya, inu n'kumachita ngati simukuona? Ngati mwatsimikiza zochoka ingonenani kuti Tsabola zako sindikuzifuna. Koma kunyoza kotereku ayi! Kuwerenga kokha kukuvutani?"

"Kuwerenga chiyani?"

"Kumanzereko!"

Sanaponye diso monga amachitira munthu aliyense. Anatembenuza mutu wonse pang'onopang'ono, kenako mapewa, mpando n'kulira. Nkhope yawo inayenda ikufufuza, inadutsa khoma, inabwerera, mpaka inapeza sikiriniyo. Ndipo anadzidzimuka. Anadzidzimuka ngati munthu amene wapeza wina ataima m'chipinda chomwe amayesa kuti ali yekha.

"Alipo angati masikiriniwa?" anafunsa motsitsa mawu.

"Atatu."

Anatembenukiranso kumanja chimodzimodzi, thupi lonse, n'kuipeza yachitatuyo, mbuzi yawo ikudumpha mpanda mobwerezabwereza. Kenako anabwerera kumanzere n'kuwerenga mawu anga, chilembo chimodzichimodzi, mutu ukuyenda nazo. Anaika cholembera pansi.

"Tenga pepala ilo," anatero. "Ulipinde ngati paipi. Suzumiramo ndi diso limodzi, linalo utseke."

Ndinachita. Ndinaona kachidutswa ka sikirini, mutu wa mbuzi wokha. Tebulo linasowa, windo linasowa, achimwene amene anali pambali panga anasowa.

"Ine ndimaona choncho, maso onse awiri. Dzulo sindinkaperekeza alamu ako, iwo ndi amene ankandiperekeza ine kuchipatala. Adokotala akuti ndi nthenda imene imadya maso kuyambira m'mbali. Zomwe zapita sizibwerera. Mankhwala odontheza angoichedwetsa."

"Chiyambire liti?"

"Chaka chatha ndi pamene ndinadziwa."

"Chaka chatha! Ndiye ine ndine ndani? Galu wa pakhomo? Alamu akudziwa, adokotala akudziwa, ine amene ndimakhala nanu m'chipinda muno kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndizingokutukwanani za mchira wa mbuzi?"

"Ndinkaopa zomwe ukuchitazi."

Ndinakumbukira mmene ndinawasekera tsiku lomwe anagwetsa kapu ndi chigongono, mmene ndinawatchulira nkhalamba atapunthwa pamasitepe. Chaka chathunthu ndinkawaona tsiku ndi tsiku osazindikira kanthu, kenako n'kuwamangira chinthu chotambalala tebulo lonse, munthu amene dziko lake latsala ngati kukamwa kwa botolo. Ndinadzida. Ndinadzida kwambiri moti ndinagwada pansi pa tebulo n'kuyamba kuzula mawaya a masikirini awiri a m'mbaliwo.

"Ukutani?"

"Ndikuchotsa zopusa zangazi."

"Siya. Bwezera."

"Za ntchito yanji?"

"Ndati bwezera, Tsabola. Mkulu ndine muno."

Ndinabwezera, m'mabowo a khadi, osati a bolodi. Masikirini anayakanso.

"Yapakatiyi ndi yanga," anatero. "Awiriwa ndi ako. Iwe uzindiyang'anira m'mbali. Mchira ukasowa unene, mwendo ukatuluka m'chithunzi unene, koma unene ngati munthu, osati ngati wailesi yowonongeka. Ndipo kuyambira Lolemba uyamba kujambula. Uyamba ndi kuyendetsa mpira, kenako miyendo."

"Ine sinditha kujambula ngakhale dzira."

"Uphunzira. Nthawi imene ndatsala nayo sindikuidziwa, mwina zaka zisanu, mwina ziwiri. Ndinkafuna kuchoka ndisanayambe kukuonongera ntchito. Koma ngati wafika pomanga chinthu chonsechi ndi manja ako osadziwawo, ndikhala mpaka pomwe kabowoka katsekeke."

Anatola cholembera n'kubwerera ku mbuzi yawo, nkhope pafupi ndi galasi. Ine ndinaimirira kumanzere kwawo, pafupi moti siketi yanga inkakhudza mkono wa mpando. Misozi inkangotsika, ndinaluma mlomo kuti asamve. Ndinawayang'ana akukoka mwendo wakutsogolo, kuubweza, kuukokanso, mpaka mbuzi inayenda bwinobwino ngati yamoyo. Anaseka okha, n'kukweza mutu kuloza kukhomo.

"Tsabola! Wapita kuti kodi? Tabwera udzaone mmene ikuyendera!"

Anaitana mokweza, ngati ndili pansi kwa a Waya. Dzanja langa linali pafupi ndi khutu lawo.

Ndinapukuta nkhope ndi mkono wa bulauzi. Ndinabwerera cham'mbuyo mwakachetechete mpaka pachitseko, ndinachigwedeza kuti chilire, kenako ndinayenda ndikuponda mwamphamvu n'kudzaima pomwe akanatha kundiona.

"Ndabwera achimwene. Ndinatsikira pansi pang'ono."